Mzere wa tiyi umene abambo ankalondera

Digiri yanga yachiwiri ya fizikisi inali pa funso limene kwathu ankaliseka: chinthu chikamakula mwachisawawa, pamwamba pake pamachita mabampu otani, ndipo mabampuwo amakula mofulumira bwanji? Pa kompyuta zinali zophweka. Timabokosi tinkagwa n'kumaunjikana, ine n'kumayeza kusalingana kwa pamwamba pa muluwo. Koma aphunzitsi anga anati akufuna chinthu chamoyo.

Ndinakumbukira munda wathu wa tiyi kumtunda kwa Chinakanaka. Tiyi amatcholedwa kuti akhale ngati tebulo: umagoneka nsungwi pamwamba, chilichonse chopitirira nsungwiyo n'kuchitchola. Ndinapempha abambo kuti mzere umodzi wa kumalire usakhudzidwe dzinja lonse.

"Sukulu yake ndi imeneyo? Kulekerera tiyi asanduke tchire?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera. Anamangirira okha nsanza zofiira uku ndi uku.

Loweruka lililonse ndinkabwera pa minibasi. Ndinkakoka chingwe, n'kuyeza nsonga iliyonse ndi rula, kachigawo kakafupi kaye, kenako kotalikirapo. Mzerewo unkanyansadi, tisanamizane. Aganyu akangoyandikira, abambo ankakuwa ali pakhonde: "Apo ayi! Apo ndi pasukulu pa mwana!" Manambala anali atayamba kumveka. Chotsala chinali masabata omaliza a mvula, kuti ndione ngati mabampu asiya kukula. Popanda amenewo panalibe digiri, ndipo nthawi imene a kusukulu anandipatsa inkatha chaka chomwecho.

Abambo anamwalira mvula isanathe. Za maliro sindikumbuka zambiri. Ndinkapereka dzanja kwa aliyense wobwera, pakamwa pakuyankha pokha. Misozi sinabwere. Anthu ankandiyang'ana, ine ndikuyang'ana phiri.

Tidakali m'nyumba kulandira opepesa, amayi a kumpingo anachita zimene amachitira wamasiye aliyense kwathu: analowa m'munda ndi madengu awo kuti tiyi asakhwime. Sanauze munthu. Zachifundo salengeza.

Nditapitako ndi rula yanga, ndinapeza munda wonse uli wosalala see, kuyambira kumsewu mpaka kumalire. Nsanza zofiira zija anazimasula, kuzipinda bwinobwino, n'kuzitsindira ndi mwala kuti zisauluke.

Kupsa mtima ine ndimatha, mukafunse a ku labu. Ndinakalipirapo munthu chifukwa chongosuntha rula. Koma tsiku limenelo, ata! Ndinangoima, mumtima muli zii.

Amayi anga ananditsatira atafunda chitenje kumutu.

"Ndikanadziwa ndikanawaletsa, mwanawe," anatero. "Akuti mzere umenewu unkawamvetsa chisoni. Ankayesa kuti bambo ako mphamvu zinawathera kalekale, kungoti ankachita manyazi kupempha thandizo."

"Akonza bwino," ndinatero.

"Ndiye sukulu ija?"

"Kaya, amayi."

Anabwerera kwa alendo. Ine ndinakokabe chingwe, poti linali Loweruka ndipo sindinkadziwa china chochita. Chitsamba choyamba, chachiwiri, chachitatu, zonse msinkhu umodzi. Ndinayeza mpaka kumalire, ndikulemba nambala yomweyomweyo.

Ndikukulunga chingwe, mayi wina wa dengu kumsana anatsika m'kanjira, n'kudutsa pafupi penipeni ndi mzerewo. Ndinangopezeka ndatembenukira kukhonde, kudikira kuti wina akuwe.