Khwawa la Pansi pa Chipinda cha a Wadi

A Wadi, mmisiri womanga nyumba, anafika m'dera lathu kuno ku Mangochi kudakali tchire, ndipo nyumba zambiri zotsikira ku Shire ndi manja awo. Munthu wofatsa, wa kofia yoyera, woyamba kufika ku mzikiti. Ine ndinawapeza ali kale ndi imvi, ndipo ndinkawapatsa ulemu kwambiri.

Kumunsi kwawo kumakhala a Mwanabibi, mayi wamasiye wokazinga mandasi. Mvula ikangolimba, madzi ankathira m'nyumba mwawo. Chaka cha namondwe Freddy khoma linawagwera n'kuwathyola mwendo. Amene anamanganso khomalo ndi a Wadi, mwaulere. Tonse tinati, koma bambo awa ndi a Mulungu!

Kenako kunabwera Subira, injiniya wotumidwa kudzakonza ngalande za m'dera lathu. Anayeza misewu, n'kulowetsa zonse mu kompyuta pamodzi ndi mapu akale. Tsiku lina anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango, n'kugwetsa mvula yongoyerekeza pa mapupo kuti tione kumene madzi amalowera. Madzi abuluu aja anatsetsereka bwinobwino, kudutsa pa a Wadi mpaka ku Shire. Kwa a Mwanabibi sanapiteko n'komwe.

Mtima unandiwawa. "Makina anuwa ndi abodza!" ndinakalipa. "Mayi awa akuyendera ndodo chifukwa cha madzi, inu mukuti kwawo n'kouma?"

Subira anayankha modzichepetsa. "Mapu akalewa akusonyeza khwawa apa, bambo, koma ine ndayenda sindinalione. Ayenera kuti ndi olakwika. Ndiye tingotsata kumene madzi akupita lero. Ngalande idutsa pa nyumba ya a Mwanabibi, iwo asamuke."

A Mwanabibi anangoti kukamwa yasa. Asamukire kuti ndi mwendo umenewo?

Apo a Wadi anaimirira, n'kuvula kofia. "Mapu sakunama, mwanangu. Khwawalo lilipo. Ndinalikwirira ndine ndi zidutswa za njerwa, iwe usanabadwe, n'kumangapo. Chipinda chimene ndimagona chili pamwamba pake."



"Ndiye pomanga khoma langa lija munkadziwa?" anafunsa a Mwanabibi.

"Ndinkadziwa, achemwali. Chaka ndi chaka ndinkadziwa."

Mayiwo sanatukwane. Anatola ndodo yawo n'kumapita, akutsimphina. Ine ndiye ndinapsa mtima zedi, chifukwa pakamwa pangapa ndi pamene pankawatama kwambiri bambowa.

Mmawa mwake ndinamva kugogoda. Ndinatuluka, n'kupeza a Wadi ali padenga la chipinda chija, akuzula malata okha, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Anali asanauzidwe ndi aliyense. Ndinapita ndi mawu odzadza m'kamwa, oti ndikawalalatire mpaka andimve. Koma nditafika ndinaona makwerero akugwedera, ndiye ndinangowagwirira.