Nthambi Zopanda Mwini

Ku Alexandra, ku Joni kuno, amandidziwa kuti sindigula chinthu pa mtengo woyamba. Ngakhale tomato ndimanenerera mpaka mayi wogulitsa andithamangitse. Ndiye nditayamba kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, khalidweli ndinalowa nalo momwemo.

Tinkapangira bwana wina wa ku Marlboro pulogalamu yolondolera katundu amene anthu amatumiza kumudzi. Wina akafuna kuyesa chinthu chatsopano ankatsegula nthambi, ndiye kuti kope la pulogalamuyo loti ungaligwiregwire osaononga thunthu. Laputopu inali imodzi, ya alamu, ndipo tonse tinkalowera pa akaunti yawo. Nthambi zitachuluka, kamakina kokalambako kankachita kubuula pozionetsa zonse, choncho tinakhala pansi kuti tikonze kaonetsedwe kake.

Ine ndinkafuna ziwiri: nthambi yogwiridwa posachedwa izikhala pamwamba, ndipo iliyonse izikhala ndi chizindikiro cha mwini wake. Alamu ankafuna zisanjidwe mwa alifabeti, zopanda zizindikiro. Ankati kusunga ndi kuwerenga zizindikirozo n'kulemetsa makina, komanso abale sadinda zinthu ngati ng'ombe za kudibi.

Tinanenererana ngati pa kaunjika. Ndinanamizira kupsa mtima, ndinafika mpaka pakhomo, iwo n'kundibweza. Pomaliza anavomera zatsopano pamwamba, ine n'kusiya zizindikiro. Madzulo ndinadzitama kwa mkazi wanga kuti achimwene ake ndawagona pamtengo. Nthambi zinkatulukadi msangamsanga, zimenezo sindingakane.

Kenako bwana uja anati alemba ntchito munthu mmodzi yekha woyang'anira pulogalamuyo. Tsiku lokaonetsa, alamu anati ndisavutike kutseka tebulo langa logulitsirapo machaja a foni, akandilankhulira. Masabata amenewo wolemba kwambiri ndinali ine, ndiye nthambi zonse zapamwamba zinali zanga. Bwana anatsegula zomwezo, zinamusangalatsa, ntchito n'kupatsa amene anaima patsogolo pake.

Nditamva ndinawapeza pa renki ya maminibasi akudya chimanga chootcha.

"Alamu, munawauza bwana kuti zapamwambazo ndi zanga?"

"Sanafunse, alamu," anatero akupukuta pakamwa. "Komanso pakompyutapo sipanalembedwe. Paja munavomera nokha."

Ndinaseka, chifukwa kulira pa renki ya ku Joni amakuberapo foni.

Lamlungu lapitali anabwera kwathu ndi laputopu yatsopano ya kuntchito. Nthambi ina mwa zanga zija yawasokoneza, sakudziwa kuti inalembedweranji, ndipo bwana akuifuna Lolemba. Mkazi wanga anaika tiyi patebulo n'kundiyang'ana osaphethira. Ndinakoka mpando, n'kuwakonzera.