Musiyeni Tadala Aphimbe Mawu ndi Chala

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kwa ahedi sabata yotsegulira sukulu, ndipo dandaulo lachiwiri ndinalipereka itangotha Pasaka. Makalata onse awiri ndinasunga makope ake, koma yankho ndilibe. Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Tadala, amene amamenyedwa ndi rula pachala akamaphimba mawu powerenga. Aphunzitsi ake akuti ndi chibwana, ndipo akapanda kusiya abwereza Sitandade 3.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pasukulu ya mishoni kufupi ndi kwathu ku Kadewere. Mawu aafupi ndinkawawerenga bwino, koma aatali ankanditsamwitsa. Ndikangowaona pabolodi thukuta linkatsika, anzanga n'kumaseka.

Tsiku lina titaweruka, aphunzitsi athu, a Namaona, anandiuza kuti nditsale. Mumtima ndinati chikwapu basi. Koma iwo anamasula nzimbe pakaliyala wa njinga yawo n'kundipatsa.

"Iwe Fabiano, nzimbe iyi ungaimeze yonse?"

"Iyayi, aphunzitsi. Ndimathyola pamfundo."

"Nanga mawu ukufuniranji kuwameza athunthu? Ndiwe nsato?"

Analemba pasileti mawu akuti "tidzawathandiza". Anagwira chala changa chachikulu n'kuphimba nacho koyambirira, kusiya "thandiza". Amenewo ndinawadziwa, anali mawu a amayi pomwe akutula mtolo wa nkhuni. Tinasuntha chala pang'onopang'ono, panatuluka "wa", kenaka "dza", kenaka "ti". Chilombo chija chinasanduka anthu odziwana nawo ataima pamzere. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, tikutafuna nzimbe, nyerere zikukoka makoko. Sileti inkamata ndi madzi a nzimbe, ndipo fungo lake ndimalimvabe ndikatsegula buku.

Mwana wanga, mayi ake a Tadala, ndi namwino. Anandiuza kuti ofufuza za ubongo amati munthu wodziwa kuwerenga amagawa mawu m'zigawo zake, koma mofulumira kwambiri moti mwini wake sazindikira. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti chala chija sindinachisiye ayi, chinangolowa m'mutu. Chinalowa chokha nthawi yake itakwana, popanda rula. Tadala ndinamuphunzitsa ndine, ndi nzimbe yogula pa Njuli, ndipo masiku ano akaona buku amabisa manja kumbuyo.

Choncho ndikupempha mwaulemu ahedi ndi akomiti ya sukulu kuti andiyankhe polemba mayeso asanayambe: kodi mukufuna mwanayu asiye chala, kapena asiye kuwerenga?