Galu Woopa Chingwe

Linali Lachitatu, sikisi koloko m'mawa, pamene ndinanyamuka pakhomo galu ali kumsana kwanga. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa belu la kutchalitchi linayamba kulira ndikumanga mfundo ya chitenje pachifuwa. Masiku amenewo ndinali ndi mwana mmodzi, wa miyezi isanu ndi itatu. Bambo ake ankagwira ntchito yokonza njanji ku Liwonde, ndipo kunyumba ankabwera pakutha pa mwezi basi. Ine ndinkakhala kwathu kwa Nsamala, kulima thonje ndi chimanga.

Galuyo ndinali nditamupeza masabata atatu m'mbuyomo, m'munda mwanga. Anali atagona pansi pa thonje, wofiirira, wosakula kwenikweni, nthiti zonse zili pamtunda. M'khosi mwake munali waya. Amene anamumanga anamumanga akadali kagalu, ndiye galu n'kumakula waya ali chomwecho, mpaka wayayo analowa m'mnofu. Nsonga ina inali yoduka, kusonyeza kuti anachita kuthawa. Atandiona sanauwe. Anabisa mutu m'miyendo n'kudzikodzera.

Ndinamusiyira mkute n'kupitiriza ntchito yanga. Mawa lake ndinachitanso chimodzimodzi. Tsiku lachisanu ananditsatira chapatali mpaka pakhomo, n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Kuti ndichotse waya uja ndinamufunditsa kumutu chitenje chakale chimene ndinkaberekera mwana, ndipo galuyo anangoti zii, akunjenjemera, ine n'kudula wayayo ndi pulayala ya bambo a mwana. Balalo ndinalitsuka ndi madzi a mchere. Kuyambira tsikulo chitenje chija chinakhala chake. Ankagona pamenepo, ankadyera pamenepo, ndipo ndikachichapa ankakhala pansi pa mpanda kudikira kuti chiume.

Koma chingwe ankadana nacho. Ndikangogwira chingwe cha ndowa popita kuchitsime, iye ulendo wa kutchire, kubwera dzuwa litapendeka. Ine sindinkamudzudzula. Inenso ndinali munthu wamanyazi kwambiri. Sukulu ndinalekera sitandade 3, ndipo pamsonkhano wa amayi ndinkakhala kumbuyo kuti wina asandifunse kanthu. Ine ndi galuyo tinkamvana.

Lamulungu lina, mapemphero atatha, akatekisiti anawerenga kalata yochokera kwa a vetenale. Inati m'dera lathu mwabuka chiwewe, choncho agalu onse apite kudibi la ng'ombe Lachitatu kukabayidwa katemera, aliyense ali pachingwe. Akachoka kumeneko azikhala omangidwa pakhomo mpaka boma litanenanso. Galu wopezeka akuyendayenda adzawomberedwa.

Lolemba ndinayesa. Ndinabisa chingwe cha mbuzi m'manja, n'kumuyandikira akudya gaga. Chitangomukhudza m'khosi analira ngati akuphedwa, n'kudzikokera m'minga, bala lija n'kutsegukanso. Tsiku lonse sanabwere. Lachiwiri ndinagwira nkhuku yanga yaikazi, ndinatenga khadi la chipani lolowera mumsika, n'kupita kukaigulitsa ku Balaka, chifukwa ndinadziwa kuti balalo lifuna mankhwala enieni, osati mchere. Pobwera ndinamupeza ali pansi pa nkhokwe pachitenje chake, ntchentche zili ng'waa m'khosi. Ndinagwira nsonga zonse za chitenjecho n'kumunyamula nacho. Ananjenjemera, koma sanathawe. Pamenepo ndinadziwa mmene ndidzapitire naye.

Mwana ndinakamusiya kwa mayi wina woyandikana nane, Msilamu, wamkulu pang'ono kwa ine. Tinkaitanana kuti achemwali ngakhale panalibe ubale. Ndinayamba ndapereka mwanayo ndi kapu ya phala, kenako ndinabwerera kukabereka galu kumsana. Nditadutsa pakhomo pawo anatuluka, n'kugwira pakamwa.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mwana mwandisiyira ine kuti mubereke chimenecho?"

"Safuna chingwe," ndinatero.

"Ndiye chitenje akufuna? Mawa mumugulirenso nsapato. Koma tamverani, galu kwa ife ndi najisi, n'chinthu chodetsa. Mukabwerako musafike pano musanasambe, ndipo musambe ndi sopo, osati kungodzithira madzi."

Ndinavomera. Anandiponyera chinangwa chophika chokulunga m'tsamba, ataima patali.

Kudibi unali ulendo wa maola awiri. Galuyo sankalemera, mwana wanga ankamuposa. Mutu anaubisa pansi pa phewa langa, ndipo mtima wake ndinkaumva ukugunda pamsana panga. Chovuta chinali anthu. Bambo wina wapanjinga anandipitirira, kenako anatembenuka kuti aonetsetse, mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

"Mayi, mwana wanu wamera ubweya!" anakuwa. "Watengera bambo ake kapena akuchikazi?"

Amayi amene ankachokera kumjigo anatula ndowa kuti aseke bwino. Wina anati, "Muyamwitseni, akulira njala!" Nkhope yanga inatentha. Ndinayang'ana pansi n'kumawerenga mapazi anga, koma kubwerera sindinaganizeko.

Kudibi ndinapeza mzere wautali wa azibambo, aliyense atagwira chingwe, agalu akuuwa ndi kulumana. Mkazi ndinali ndekha. Wanga atamva phokosolo anandikodzera kumsana, mkodzo n'kutsikira mpaka m'miyendo. Ndinakaima kumapeto kwa mzere, pamphepo, ndikumusisita ndi dzanja limodzi monga timachitira ndi mwana.

Adokotala a ziweto anali bambo wa imvi pang'ono, atavala yunifolomu ya khaki. Nthawi yanga itakwana sanakweze maso msanga, ankalemba m'buku.

"Mayi, sikelo ya ana si kuno," anatero.

"Si mwana, bambo. Ndi galu."

Mzere wonse unaseka. Adokotala anavula magalasi n'kuzungulira kumbuyo kwanga.

"Zaka zonsezi ndagwira ntchito, izi ndiye sindinazionepo. Mutsitseni, mumumange. Achimwene apo, abwerekeni chingwe mayiwa."

"Iyayi, bambo."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Anthu anasiya kuseka. Ine ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wa boma.

"Mwati iyayi?"

"Mukamutsitsa athawa, ndipo sabweranso. Akamupeza kutchire amuwombera. Taonani m'khosimo."

Ndinatsitsa chitenje pang'ono. Adokotala anayang'ana bala lija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti anachita zimenezi ndani. Ndinati sindikudziwa, ndinangomutola m'munda. Anafunsanso kuti waya anachotsa ndani. Ndinati ndine. Anagwedeza mutu.

"Chabwino. Imani chomwecho, musagwedezeke. Mugwireni kukamwa."

Ndinapinda dzanja n'kumugwira kukamwa, iwo n'kumubaya pantchafu imene inkatulukira m'chitenje. Galu anangolira kamodzi. Anamupaka utoto wofiira pamphumi, chizindikiro chakuti wabayidwa. Kenako anandiuza kuti katemera ndi waulere, koma balalo lafika poipa, likufunika jakisoni wina ndi mankhwala opaka, ndipo zimenezo n'zolipira. Ndinamasula mfundo ya mpango n'kupereka ndalama ya nkhuku ija. Inapita pafupifupi yonse. Anamubayanso, n'kundipatsa kabotolo ka jivi, mankhwala a buluu aja, kuti ndizipaka m'mawa ndi madzulo ndi nthenga ya nkhuku.

Bambo wina pamzere anati, "Nkhuku yathunthu kuthera galu wotola? Amuna anu akamva muona."

Ndinamuyankha kuti nkhukuyo inali yanga, ndinapatsidwa ndi mayi anga. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Adokotala anaseka, koma pondipatsa kapepala ka katemera anatsitsa mawu.

"Mayi, utoto uwu sutchinga chipolopolo. Anthu a mfuti akayamba kuyenda m'midzi sayang'ana pamphumi, amayang'ana ngati galu ali womangidwa. Komanso m'khosimo musadutse kanthu mpaka bala litapola. Ndiye mumanga bwanji?"

"Ndikaona, bambo," ndinatero.

Njira yonse yobwerera ndinkaganiza zimenezo. Khola ndinalibe loti angakhalemo osakumba pansi. M'nyumba sakanalowa, ankaopa chitseko. Pa kagolosale ka m'njira ndinagula kachidutswa ka sopo ndi makobidi amene anatsala. Nditafika ndinamutsitsa pansi pa nkhokwe, ndinasamba bwinobwino, ndinavala zina, n'kupita kukatenga mwana. Mawere anali atadzaza mpaka kuwawa. Achemwali anandinunkhiza m'manja asanandipatse mwanayo.

"Wamkulu uja ali bwanji?" anafunsa. "Sanalire pa jakisoni?"

"Kamodzi kokha."

"Ndiye waposa bambo a kwathu kuno," anatero, tonse n'kuseka.

M'mawa mwake, nditayamwitsa mwana, ndinatenga chitenje cha galu chija osachichapa, kuti fungo lake lisachoke. Ndinachidula pakati. Theka lina ndinaliyala pansi pa mtengo wa mango. Theka linalo ndinaling'amba timizere titalitali, n'kutiluka katatu monga timalukira tsitsi, ndikulumikiza mpaka chinakhala chingwe cha nsalu chotalika mikono inayi. Galu ankandiyang'ana ali chigonere. Ndinamupatsa kuti anunkhize. Kenako ndinachidutsitsa pachifuwa pake ndi kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, mmene chitenje chinkamugwirira dzulo lake, khosi osalikhudza, n'kumanga mfundo pamsana. Nsonga inayo ndinamangirira kumtengo.

Anaimirira n'kuyenda mpaka nsaluyo inakungika. Anaima, thupi lonse likunjenjemera. Ine ndinakhala pansi pomwepo, mwana ali pamiyendo. Patapita kanthawi anatembenuka, ananunkhiza nsalu ija, n'kubwera kudzagona pa theka la chitenje chake. Ndinatsegula kabotolo ka jivi, ndinaviika nthenga, n'kuyamba kumupaka m'khosi.