Pulasitala ya Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wanga woyamba ndi telala. Makina ake ali pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo amapalasa ndi mwendo wamanja tsiku lonse. Kusoka ndinamuphunzitsa ndine, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pa nsanza za pilo. Asewele anga, agogo ake a kuchimuna, ngakhale batani sangasokerere, koma akamamutama mumsewu mungati anamubala okha.

Kwa zaka ziwiri msongolo wamanjawo unkamuwawa. Akamwa mapilitsi unkaleka, kenako n'kuyambiranso. Womuthowa ndi madzi otentha ndinali ine. Atamujambula kuchipatala anapeza kachotupa m'fupa, kochepa ngati mkanda. Adokotala anati si khansa, koma kachoke.

Nditamva zimenezo ndinakumbukira malemu amuna anga, amene atawang'amba mwendo anagona miyezi itatu. Ndinati miyezi itatu imeneyo mwana akhala kwa ine. Ndinatulutsa makatoni m'chipinda chaching'ono, n'kuyanika matiresi, n'kubwereka ndodo zoyendera. Asewele nawo akuti anagula makatani atsopano.

"Akachirira kwathu," anatero asewele tili pabenchi ya kuchipatala tsiku la opaleshoni.

"Kwanu kuli masitepe, asewele. Muzikamubereka kumsana, ndi chiuno chanucho?"

"Nanga kwanu kuja, bafa lili panja?"

Tili mkati mokangana, namwino anatiitana. Mwana anali atadzuka, pamsongolo pali kapulasitala kosafika ndi chala changa chomwe. Sanamung'ambe. Akuti analowetsa singano mpaka pafupa akuyang'ana pa makina ojambulira, n'kuwotcha kachotupako. Tsiku lomwelo anatuluka akuyenda yekha.

"Ndiye ukagona kuti?" tinafunsa pamodzi.

"Kwanga, agogo. Mayunifolomu a anthu akundidikira."

Ndodo zija ndinakabweza mtima ukuwawa. Patapita masiku atatu mwana uja anatulukira kwanga, n'kukhala pa matiresi aja, n'kutambasula mwendo.

"Agogo, tandimatulani pulasitalayi. Agogo ena aja manja awo amanjenjemera."

Ndinamatula pang'onopang'ono, dala, kuti asachoke msanga. Kabalako kanali ngati polumidwa ndi udzudzu. Ndinasangalala ndithu, mpaka pamene ananena kuti chithunzi cha fupa lake anapatsa asewele, ndipo achipachika pabalaza kuti alendo aziona.

Pulasitalayo ndaisunga m'chitini cha mabatani. Mawa ndipita kukawazonda asewele, ndikaone chithunzicho. Ndinyamula chikwama changa chachikulu chija.