Chingerezi cha a Fexon ndi Masamu a Zione

Ku Mbamba Bay, ku Tanzania, mukafunsa kumene kumapezeka a Fexon, anthu amangoyang'anana. Koma mukati mukufuna Mwingereza, wa bodaboda aliyense, kabaza wa njinga yamoto, amakulozerani kanyumba kometera tsitsi kamene kali pafupi ndi msika. Mwini kanyumbako ndi wakuda ngati ife tomwe, kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo ku Mangalande sanapondeko ngakhale kumaloto. Dzinalo analipata chifukwa cha pakamwa.

Anawoloka nyanja ali mnyamata, atasenza shuga wodzagulitsa, ati angokhala mlungu umodzi. Shuga anatha, mlungu unatha, koma maso anali atagwa kale pa Anjela, mtsikana wa ku Liuli amene ankayanika usipa pathandala. Mpaka lero akadali konkuno. Chiswahili anachitola msanga, paja wolongolola sachedwa kuphunzira chinenero. Koma chuma chawo chenicheni ndi Chingerezi chimene anachoka nacho ku sekondale. Ometetsa amamva za mpira, za ndale ndi za maliro m'Chiswahili, koma nkhani ikafika pokoma a Fexon amakweza makina m'mwamba n'kuthira Chingerezi chosapumira. Womva palibe, komabe onse amavomera, chifukwa sukangana ndi munthu amene wagwira lezala pafupi ndi khutu lako.

Chimene chimawatseka pakamwa n'chimodzi chokha: masamu. Sukulu anailekera Fomu 2 chifukwa cha masamu omwewo. Mphunzitsi wawo ankapereka chikoti pa samu iliyonse yolakwa, ndipo a Fexon pa nkhani yolakwa anali owolowa manja. Tsiku limene zilembo zinalowa m'masamu, x ndi y n'kukhala pakati pa manambala ngati alendo osaitanidwa, iwo anati basi, chilichonse chili ndi polekezera. Kuyambira pamenepo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kulephera masamu ndi nthenda ya m'magazi, monga dazi.

Choncho mwana wawo woyamba, Zione, atayamba kukhoza masamu ku pulaimale, a Fexon anathokoza Mulungu kuti mwanayo watengera magazi a amayi ake. Zione ankabwera ndi makope odzaza machongi okhaokha, ndipo bambo ake ankawaonetsa kwa ometetsa ali chapatali, osawatsegula kwambiri, kuopa kuti wina angafunse funso.

Zinthu zinatembenuka mtsikanayo atalowa sekondale. Teremu yoyamba anatsika, yachiwiri anagwa, ndipo pofika Fomu 2, chaka cha mayeso a boma amene amatsegula njira ya ku Fomu 3, masamu ake anali atafika pansi penipeni. Akangomva mawu oti hisabati, monga amatchulira masamu kuno, nkhope inkachita tsinya.

"Masamu ndimadana nawo, Ababa," ankatero Zione. "Mutu wanga sugwira."

A Fexon ndi wometa, ndipo akudziwa kuti dazi munthu sabadwa nalo, limachita kubwera pambuyo pake. Anaona kuti magazi awo aja amupeza mwana wosalakwa, ndipo zinawapweteka zedi. Anayamba kufuna mankhwala. Anamva kuti mitu ya kampango imanola nzeru, ndipo pakhomopo anadya mitu mpaka mphaka ananenepa. Anamuletsa mpira wa manja. Anatuma munthu ku Mbinga kukagula buku lalikulu la mafunso a masamu. Pamwamba pa zonsezi, m'mawa uliwonse ankamulalikira za kulimbikira, ndipo ulaliki wake unali wa m'Chingerezi. Chimene sanayese n'kutsegula bukulo iwo eni.

Kenaka kunabwera uthenga wochokera kwa Magreth, mng'ono wake wa Anjela, amene ali ndi malo ogulitsira chakudya ku Songea. Anati ngati sukulu yakanika, mwezi ukatha abwera adzamutenge Zione kuti azikamuthandiza. Zione anavomera tsiku lomwelo, n'kulongedza chikwama.

"Mwanayu akulira tsiku ndi tsiku, bambo a Zione," anatero Anjela. "Kuli bwino akaphunzire kukazinga chipisi kusiyana n'kumangochititsidwa manyazi."

Kusiya sukulu a Fexon ankakudziwa kuwawa kwake. Poyamba umamva kupepuka, koma chisoni chake chimakula nawe mpaka imvi. Sanafune kuti mwana wawo alawe zimenezo, koma akanamuletsa bwanji pamene iwonso anathawa nkhondo yomweyo?

Loweruka lina masana, ali mkati mometa a Kasian, msodzi wachikulire amene ndi mnzawo wakalekale, magetsi anathima. Makina anaima mutu uli pakati, mbali imodzi mpala, mbali inayo tchire. A Kasian anadziyang'ana pagalasi n'kuona kuti kutuluka panja sikungatheke. Nthawi yomweyo analowa Zione ndi buku la ku Mbinga lija.

"Ababa, bukuli mupatse wina. Ine ndilibe nalo ntchito," anatero, n'kukhala pabenchi.

A Fexon analandira bukulo ngati akulandira mbale yotentha. Koma nkhani za mpira zinali zitatha, magetsi osabwera, ndipo munthu wometedwa theka amafunika kumusangalatsa. Anatsegula tsamba lina, n'kupeza funso la mawu ambiri, manambala ochepa. Mtima unakhala pansi. Anakonza kukhosi n'kuliwerenga mokweza, mawu ali gwa ngati wowulutsa nkhani pa wailesi.

"Mwamaliza?" anafunsa a Kasian. "Tsono akuti chiyani?"

"Akuti pali bambo wina, dzina sanatchule, mwina ndi wamanyazi. Zaka zake ndi zaka za mwana wake kuwirikiza katatu. Zikadzapita zaka khumi ndi zisanu, ngati Mulungu amusunge, zaka zake zidzakhala za mwanayo kuwirikiza kawiri. Ndiye akufunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati. Mwaiona miseche ya m'mabuku?"

"Bwanji osangokafunsa amayi ake?" anatero a Kasian.

"Khumi ndi zisanu," anayankha Zione, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Bamboyo ali ndi makumi anayi ndi zisanu."

Amuna awiriwo anamuyang'ana. A Fexon anathamangira kumapeto kwa buku kumene kuli mayankho, ndipo anapeza kuti mwanayo walasa. Anamasulira funso lina, la mabasi awiri onyamuka nthawi zosiyana. Zione anapempha cholembera, analemba pang'ono, n'kulasanso.

"Iwe mwana iwe! Nanga kusukulu umalemberanji zozizira?"

"Kodi mafunsowo amanena zimenezi?" anatero Zione, misozi ili lengelenge. "Ine ndimangoona mawu, Ababa. Ku pulaimale zonse zinali m'Chiswahili. Ku sekondale Mwalimu Onesmo amaphunzitsa m'Chingerezi, buku ndi la Chingerezi, ukafuna kufunsa ufunse m'Chingerezi, ndipo lilime likaterereka anzako amakuseka mpaka kunyumba. Ndiye ndimangokhala chete. Pa mayeso ndimatola manambala amene ndawaona n'kuwaphatikiza."

A Fexon anagwidwa ndi manyazi aakulu. Zaka zonsezi akhala akumwaza Chingerezi pa asodzi amene sanachipemphe, pamene mwana wawo akuchisowa m'nyumba mwawo momwe.

"A Mwingereza," anatero a Kasian, akusisita mbali ya mpala ija, "mankhwala munali nawo m'kamwa, inu n'kumatitherera kampango m'nyanja."

Kuyambira Lolemba lake, Zione akaweruka ankafikira ku kanyumba kometera. Bambo ankawerenga ndi kumasulira, mwana ankawerengera. Zoona, mutu umodzi susenza denga, ndipo apa panali mitu iwiri yodziwa theka uliwonse. Zione akayamba kulemba ma x ake, a Fexon ankayang'ana kuwindo, monga amachitira munthu pobayidwa jakisoni. Patapita masiku anasintha kachitidwe, poona kuti m'chipinda cha mayeso sadzaloledwa kulowa nawo. Tsopano Zione ndiye ankawerenga n'kumasulira yekha, iwo n'kumakonza pamene waphonya. Ankamuuzanso kuti aziyeserera kufunsa mafunso m'Chingerezi pamaso pa ometetsa. Ometetsawo ankaseka ndithu, ngakhale sankadziwa chimene akuseka, mpaka mtsikanayo anazolowera n'kuona kuti kusekedwa sikupha.

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Masamu ena ankawakanika onse awiri, chifukwa zaka ziwiri zokhala chete zimasiya maenje. Amenewo a Fexon ankamuuza kuti apite nawo kwa Mwalimu Onesmo, koma Zione ankangoti mawa, mawa. Za ku Songea sankazitchula, ndipo chikwama chija chinali chilongedzere pakona. Bambo ake, amene amafunsa munthu aliyense chilichonse, funso limodzi limeneli ankaliopa.

Mwezi unatha, ndipo Magreth, amene Zione amamutcha Mama mdogo, anafika monga analonjezera, kuti m'mawa mwake abwerere ndi mwanayo pa basi yoyamba. A Fexon analawirira kuntchito osamwa ndi tiyi yemwe. Anati kuli ometetsa ambiri, koma zoona zake n'zakuti analibe mtima woonerera chikwamacho chikutuluka pakhomo. Anapeza munthu mmodzi yekha, mlendo wochokera ku doko la Ndumbi, n'kumukhazika pampando. Ali mkati mometa anamva basi ikuliza hutala kusiteji, kenaka inadutsa pamsewu n'kuzimirira cha kumtunda. Iwo sanadzutse mutu.

"Ababa, ndipatseni buku lija, ndachedwa."

Pakhomo panaima Zione, atavala yunifolomu, nsapato zili fumbi lokhalokha chifukwa chothamanga.

"Nanga ku Songea?"

"Mama mdogo apita okha. Ndawauza kuti chipisi sichithawa. Fulumirani, Ababa, lero tiyamba ndi masamu, ndipo ndili ndi funso loti ndikafunse Mwalimu Onesmo."

Analandira bukulo n'kuliyatsa liwiro. A Fexon anabwerera pamutu wa mlendo uja. Anameta kumbuyo, anameta m'mbali, anakonza ndevu, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe, la Chichewa, la Chiswahili kapena la Chingerezi. Mlendoyo, amene anali atamva mbiri ya pakamwa pawo, anayamba kuda nkhawa.

"Pepani bambo, kodi kunyumba kwagwa zovuta?"

"Iyayi," anatero a Fexon. "Mwana wapita kusukulu."