Mzungu wa Pa Pepala la Mchere

Amuna anga anabwerako ku Halale atatha zaka zisanu ndi chimodzi, atatenga njinga, jekete ndi kampira koyera kolimba ngati mwala. Akazi anzanga ankalandira makina osokera, ine ndinalandira kampira. Koma njingayo inali njinga ndithu, yakuda, ya belu lolira kawiri, ndipo ndiyo inkanyamula fodya wathu kuchoka ku Ngauma kukafika ku Mandimba. Isanabwere, fodyayo ankayenda pamutu panga masiku awiri.

Ku Halaleko ntchito yawo inali yonyamulira azungu ndodo za gofu. Ankati munthu wamkulu ndi ndevu zake amamenya kampira, n'kukatsatira, n'kukamenyanso mpaka kalowe m'kadzenje, ndipo ena amadyera pomwepo osagwira ntchito ina. Ndinkangoti eya. Onyamula ndodowo ankabetcherana pa azungu awo. Anzawo a kumigodi ankabwera ndi chifuwa, anga anabwera ndi matenda obetcha amenewo.

Ku Mandimba kunali mwini kantina wina amene nayenso anatchonako ku Halale. Za gofu ankazimva ndi iye yekha dera lonselo, choncho amuna anga akagulitsa fodya ankachedwa pakhonde pake. Mkuluyo ankalandira mitolo ya nyuzipepala zakale kuchokera ku Nyasalande, zokulungira mchere ndi sopo.

Tsiku lina ndinali nawo. Mwini kantina anatulutsa tsamba limodzi, nati kumwera kukubwera mpikisano waukulu wa gofu.

"Mzungu wanu wa khosi lalitali uja alimo, achimwene. Koma ine ndikuti wachipewa choyera amugwetsa."

"Ameneyo ndamunyamulira ndodo zaka ziwiri," anatero amuna anga. "Ndimadziwa ndi katsokomoledwe kake komwe. Sagwa."

"Ikani njinga. Ine ndiika makina osokera ali apowo."

Ndinawakoka jekete. "Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Mayi, taimani. Makinawo ndi anu kale."

Anagwirana chanza pamaso pa anthu atatu. Sindinalimbikire. Ndinayang'ana makinawo, ndipo ndisaname, ndinawasirira.

Patatha milungu itatu tinapitanso. Mwini kantina anatulutsa tsamba lina la mayina okhaokha, dzina la wachipewa choyera lili pamwamba. Amuna anga ankatha kuwerenga mayina. Anawerenga kawiri, anamasula kamtolo kathu pa njinga, n'kuiyedzamiritsa kukhoma. Tinabwerera wapansi. Njira yonse iwo anali patsogolo, ine pambuyo. Sikuti ndinanyanyala ayi, mtima unangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira.

Patapita masiku, ndikuthira mchere m'ndiwo masana, pepala losungiramo mcherewo linafunyululuka pamphasa. Amuna anga analitola. Panali chithunzi cha mzungu wachipewa choyera atakweza chikho, mano onse pamtunda. Ine ndinkamuona tsiku ndi tsiku osamudziwa, mpaka ndinamupatsa dzina loti mlonda wa mchere.

"Mayi, mchere uwu munagula kuti?"

"Pa kantina pomwe paja."

"Liti?"

"Kale, musanagwirane chanza chija."

Anakhala pansi. Mpikisanowo unali utatha kalekale tsiku limene ankabetcha. Nyuzipepala zinkafika mtolo umodzi, za sabata ino ndi za sabata yotsatira pamodzi. Mwini kantina anali ataziwerenga zonse, n'kumatulutsa tsamba limodzilimodzi monga anafunira. Tsamba la chithunzi lokha ndilo linamupulumuka, n'kubwera kwathu ndi mchere. Yankho linali m'nyumba mwanga nthawi yonseyo, pafupi ndi mafuwa.

Ndinawafunsa ngati apita kukatenga njinga. Anati mwamuna akagwira chanza anthu akuona sabweza dzanja, ndiponso sangakaime pakhonde lija kuti Mandimba yonse imve kuti anabetcha pa masewera otha. Sindinalire, sindinatukwane. Ndinatenga pepalalo m'manja mwawo, ndinaliwongola, n'kukulungiramonso mchere, poti lina ndinalibe.

Fodya wotsala ndinasenza ndekha, iwo atakana kuponda ku Mandimba. Tsiku lachiwiri, nditayandikira, ndinamva belu kumbuyo kwanga likulira kawiri. Ndinalidziwa. Sindinacheuke. Ndinangopatukira m'udzu ndi mtolo wanga kuti njinga yathu idutse.